Pafupi pa a Matiyasi

A Matiyasi Njobvu ananena Lachisanu kuti Lolemba akwera lole ya thonje kubwerera kwawo ku Chipangali. Ananena mwa njira yawo ija, osakweza mawu, ngati munthu wopempha mchere. Ireen, mwana wawo wamkazi, anali akuwathirira tiyi. Anayika ketulo pansi n'kuwakumbutsa kuti madokotala a maso akubwera mwezi wamawa, kuti ng'ala imene yawaphimba m'masoyo amati imachotsedwa, ndiponso kuti akangopita kumudzi mvula iwatsekera msewu, mwayi n'kudutsa. Nanga kumudziko akakhala ndi ndani, amayi atamwalira, ana aamuna onse ali ku migodi? Mkuluyo anamvetsera bwinobwino, anavomera kuti mwana walankhula zanzeru, kenako anabwereza kuti Lolemba akwera lole.

Koma abale, makani a akuluakulu! Chibwerereni m'tauni ya Chipata, a Matiyasi ankangokhala pampando umodzi wa pakona m'chipinda chochezera, manja pamaondo, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa kuseri kwa phiri. Munthu amene kale ankapalasa njinga ndi matumba awiri a mtedza mpaka kumsika wa Kapata, lero kumuuza kuti tiyeni pakhonde muwombedwe mphepo, akuti pompano pali bwino. Ireen anaganiza zonse. Mwina ndiwo sizikuwakomera. Mwina akunyansidwa kuti iye anakwatiwa ndi munthu wa mpingo wina, iwo ali Akatolika a kolona m'thumba. Akawafunsa, yankho linali limodzi, lakuti zonse zili bwino. Mtima wa Ireen unkawawa, chifukwa ankawakonda atate akewo koopsa, ndipo ankaona kuti akapita ulendo uno maso awo apita mpaka kalekale.

Mwamuna wake, Fackson Daka, anali mphunzitsi wa jogalafe kusekondale, munthu wofatsa, wovala tayi ngakhale m'nyengo yotentha. Apongozi ake ankawalemekeza mochita kuwaopa. Moni ankapereka atagwada patali, akatero n'kusowa chonena, n'kuzemba. Koma munthu aliyense ali ndi misala yake, ndipo ya Fackson inali masewera ena amene anamusiyira mzungu wophunzitsa naye pobwerera kwawo: bokosi la mabuku ndi madayisi odabwitsa, ena a mbali zambirimbiri moti sumadziwa kuti akhalira pati. Kaseweredwe kake n'kotere. Mmodzi amafotokoza dziko longopeka, nkhalango zake ndi zilombo zake. Enawo aliyense amakhala ndi munthu wake m'dzikomo, n'kumanena chimene munthuyo achite, ndipo dayisi ndi amene amagamula ngati zatheka kapena zakanika. Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi, Fackson ankasonkhana ndi Boaz, kalaliki wa kuboma, ndi Jesca, mphunzitsi mnzake, n'kumaphana ndi zimphona patebulo lodyera. Anthu oyandikana nawo anayamba anena kuti ndi juga, mpaka mkulu wa mpingo anabwera kudzaona. Anakhala, anapenya, anachoka akupukusa mutu kuti si tchimo ayi, angokhala masanje a anthu andevu.

Ireen nayenso ankawatcha masanje, ndipo nthawi imeneyo iye ankasita zovala. Koma Lamulungu limeneli, mawa lake lili la lole, nzeru zonse zitamuthera, anaima ndi simbi m'manja n'kuganiza kuti masewerawa safuna maso. Zonse zimachitikira m'mutu. Anakokera mwamuna wake kukhitchini n'kumuuza kuti lero atate asewera nawo. Fackson anatuluka thukuta pamphuno. Anafunsa monong'ona ngati mkazi wakeyo akufunadi kuti iye, mkamwini, atsegule pakamwa n'kuwauza apongozi kuti chilombo chawadya. Ireen anangomuyang'ana, ndipo Fackson anapita kukanyamula tebulo.

Poti mkuluyo sakanachoka pampando wake, tebulo ndi limene linapita kwa iwo. Anakana, inde, koma kukana kwa mlendo kuli ndi malire, makamaka Jesca atagwada n'kuwapatsa chikho cha thobwa ndi manja awiri. Fackson anafotokoza malamulo ngati ali m'kalasi, nawafunsa kuti akufuna kukhala munthu wotani m'dziko lopekalo. A Matiyasi anati akufuna wanjinga. Atauzidwa kuti kumeneko kulibe njinga, anadabwa kuti nanga anthu amapitako kukatani, koma anavomera kukhala mlenje wa uta, bola akhale ndi galu. Galuyo anamutcha okha dzina lakuti Alibechake.

Ndiye masewera anayamba. Atatuwo, msilikali wa Boaz, sing'anga wa Jesca ndi mlenje wa a Matiyasi, anatumidwa kukasaka chimphona chimene chinkamaliza ng'ombe za mudzi wina. Poyamba mkuluyo ankayankha ndi mawu amodziamodzi. Koma Fackson atanena kuti alowa m'nkhalango, anafunsa kuti mitengo yake ndi yanji, misuku kapena mitondo. Fackson anasakasaka m'mutu n'kuti misuku. Mkuluyo anafunsanso kuti mphepo ikuchokera kuti, popeza mlenje sayenda ndi mphepo kumsana. Anadzudzula Boaz kuti msilikali wake akuponda masamba ouma ngati ng'ombe. Manja aja anachoka pamaondo n'kufika patebulo. Ireen, amene anali atakhala pamphasa pafupi ndi mapazi awo, anaona zimenezi ndipo anaopa ngakhale kupuma mokweza.

Kenako Fackson anatsitsa mawu. Anati mitengo yathera pa dambo, ndipo m'dambomo mwaima chimphona, chibonga chili paphewa, chikununkhiza mphepo. Anasuzumira m'buku n'kunena kuti chili pa mtunda wa mafiti makumi asanu ndi limodzi.

A Matiyasi anafunsa kuti mafiti amenewo ndi afiti angati. Fackson anafotokoza kuti ndi muyeso wachizungu, nawasandutsa mamita, koma mamitawo sanathandize kanthu. Pofuna kudula nkhani, anati, "Ndi pafupi, apongozi. Pafupi ndithu. Mlenje wanu achita chiyani?"

Mkuluyo anagwedeza mutu mokhutira. Anati ngati ndi pafupi palibe chothamangira. Mlenje wake akhala pansi pa msuku, avula nsapato, amasula mbatata yake yootcha, agawirako galu, atsinzineko pang'ono, kuti dzuwa likapepa anyamuke akakumane nacho chinthucho ali ndi mphamvu.

Boaz anaphulika ndi chiseko mpaka thobwa kutulukira m'mphuno. Jesca anabisa nkhope m'buku. Fackson, munthu wa malamulo, anaponya dayisi wake, anamuyang'ana mwachisoni, n'kunena kuti chimphona chafika, chaponda mbatata, ndipo chibonga chatsikira pamutu pa mlenje ali chigonere.

Apa tiyeni tinene chilungamo, chifukwa a Matiyasi sanalakwe. Aliyense amene anafunsapo njira ku Chipangali amadziwa pafupi pa kumeneko. Munthu amakulozera ndi milomo n'kukuuza kuti ndi pafupi, iwe n'kunyamuka mame asanaume, dzuwa n'kufika paliwombo usanaone ngakhale denga. Ireen mwini wake ali mtsikana analirapo panjira ya kwa azakhali ake, atate akumulimbitsa mtima kuti ndi pafupi, mpaka anakafika atamubereka kumsana. Koma iye anali atakhalitsa m'tauni, ndipo naye anaseka, Mulungu amukhululukire.

Mkuluyo sanaseke. Anadikira chiseko chithe, n'kunena kuti aphunzitsi anati pafupi. Anati iwo ndi okalamba, osaona, koma sanabwere kudzasekedwa ndi ana. Anadzuka kuti atuluke. Ndipo apa ndi pamene chiseko chinaferatu, chifukwa anatembenukira kumene kulibe khomo. Ntchafu inagunda tebulo, zikho zinagubuduka, madayisi anamwazika pansi. Anabwerera m'mbuyo n'kugunda kabati ya mbale. Anaima pakati pa chipinda manja ali m'mwamba, akupapasa mphepo.

Jesca anakumbukira mwadzidzidzi kuti njinga ya Boaz ili padzuwa, ndipo anthu atatu akuluakulu anatuluka kukasuntha njinga imodzi. Ireen anathamangira atate ake kuti awagwire mkono, koma iwo anaukoka.

"Ndi chimenechi," anatero. "Ukufunsa chimene ndikuthawa? Kwathu ndimadziwa pamene pali nkhokwe, pamene pali khola, pamene pali chitsa chopunthwitsa. Ndimayenda ndekha ngakhale maso atafa. Kuno sindidziwa ngakhale pamene khoma layambira. Ndili ngati nkhuku yomangidwa miyendo pa njinga. Ndipo ine, Matiyasi, mwana wanga wamkazi azindigwira dzanja kundiperekeza kuchimbudzi, mkamwini akuona? Bola ndikafe wosaona kwathu."

Ireen anabweza dzanja lake. Manyazi anamugwira, osati chifukwa cha alendo, koma chifukwa masabata onsewa iye ankasintha ndiwo, kuthira nsinjiro, kuchepetsa mchere, osaganiza n'komwe kuti atate ake akhala pampandopo chifukwa ndi malo okhawo amene akuwadziwa m'nyumba yonse. Misozi inatsika koma sanaitulutsire mawu. Sanawatsutse, sanatchulenso za madokotala. Anangokankhira mpando uja mpaka unakhudza kumbuyo kwa miyendo yawo, n'kupempha kuti akhale kaye, iye atole zimene zagwa.

Akutola madayisi pansi pa kabati, anakumbukira mmene atate ake ankalozera njira kale. Milomo inkaloza mbali, koma kutalika kwa ulendo kunali m'mawu. Liwu likafupika, ndiye kuti wafika. Likatalika, konza nsapato. Anapukuta tebulo, anapukuta m'maso, n'kuyitana aja a njinga.

Analengeza kuti mlenje sanafe ndipo masewera abwerera pa dambo paja, chifukwa wolakwa ndi wofotokoza. Boaz anayamba kunena kuti buku sililola zobwereza, koma china chake chinamuponda phazi pansi pa tebulo ndipo anasiyira pomwepo. Fackson anagwada, nawomba m'manja, napepesa kuti mphunzitsi akalephera kumveketsa phunziro mlandu si wa wophunzira. A Matiyasi sanadzukenso.

Ireen anafunsa mwamuna wake kuti mafiti akewo, pabwalo pano, angachoke pati kufika pati. Fackson anasuzumira pazenera n'kuti kuchoka pakhonde kufika pa mtengo wa mango wa aneba. Ireen anauyang'ana mtengowo, anatsinzina, n'kuunyamula m'mutu mwake kupita nawo ku Chipangali.

"Atate, mwaima pakhomo panu. Chimphona chili pa nkhokwe ya aneba anu, a Yosefina."

Mkuluyo anadzidzimuka pampando. Anati nanga amenewo ndiye pafupi? Pamenepo ndi pamphuno! Munthu wanzeru angavule nsapato chilombo chili pa nkhokwe ya a Yosefina? Anafunsa kuti aphunzitsiwa ana a eni ake amawaphunzitsa chiyani kusukuluko, koma m'mawu mwawo ukali unali utayamba kusungunuka, ndipo Fackson anaseka ndi mtima wonse kwa nthawi yoyamba pamaso pa apongozi ake.

Basi, anagwirizana muyeso watsopano, ndipo a Matiyasi ndi amene anaugamula. Pompa ndi pamene dzanja lifika. Apo ndi pamene mwala ufika. Uko ndi kumene munthu angakumve ukafuula. Tsono ukooo, mlomo utatalika, ndi kumene sunyamuka wopanda kamba. Za pafupi anati zisamvekenso patebulo pano, liwulo ndi la bodza, analipangira kunamiza ana ndi alendo. Vuto linali pakamwa pa Fackson. Munthu wokulira pa mishoni, wozolowera kudula mawu ngati akuwerenga nkhani pa wailesi, ukooo wake ankatuluka waufupi, ndipo mkuluyo ankamubweza kuti kumeneko ngakhale mwana wokwawa afika. Anayeserera mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera pamwamba pa tayi. Jesca anaulula kuti iyenso mafiti aja chiyambireni sankawaona m'mutu, ankangovomera kuopa kuoneka mbuli, ndipo Boaz anatsokomola n'kuyang'ana kudenga. Safunsa anadya phula, anatero a Matiyasi, akumwa thobwa lina.

Kenako Fackson anachita chinthu chimene sichinalembedwe m'buku lililonse. Anadzuka patebulo, anapita kukaima pakhomo, n'kubangula kuchokera kumeneko ngati chimphona. Mutu wa mkuluyo unatembenuka nthawi yomweyo kulunjika kumene kwachokera mawu. Fackson anayenda chammbali mwakachetechete n'kubangulanso ali pazenera, ndipo mutu uja unamutsatira. Tayi ili pakhosi, mphunzitsi wa jogalafe anazungulira chipinda chonse akulira ngati ng'ombe yothawa dibi, ndipo mlenje anakoka uta wosaoneka ndi manja ake enieni.

Ireen anawaikira dayisi m'dzanja. Anamupapasa mbali zonse, anamuuzira mpweya, n'kumuponya. Jesca anawerenga, ndipo muvi unaphonya. Mkuluyo anati n'chifukwa cha mphepo imene aphunzitsi anaiwala kutchula. Alibechake analuma chimphona chidendene, msilikali wa Boaz anagwa m'matope, ndipo muvi wachiwiri unalowa paphewa. Chimphona chinathawira m'phanga. Fackson anafotokoza phangalo ndi muyeso watsopano uja: khomo lake lili apo, khoma lakumanzere lili pompa, madzi akudontha uko, ndipo mdima ukupitirira mpaka ukooo. Atafika pokoma penipeni anatseka buku n'kunena kuti nthawi yatha, zotsala adzaziona Lamulungu likudzali.

A Matiyasi anaseka pang'ono n'kunena kuti aphunzitsi akuwatchera diwa ngati mbewa, koma mbewa yake ndi yakale. Koma za lole sananenepo kanthu.

Alendo anatsanzika dzuwa likadali pamwamba pa mitengo. Ireen anayamba kusonkhanitsa zikho, Fackson akulongedza mabuku m'bokosi. Mkuluyo anasisita m'mphepete mwa tebulo ndi zala. Kenako analankhula, nkhope italoza kumene kunali mkamwini wawo.

"Apongozi, phanga lija ndaliona lonse. Nyumba yanu ino ndiuzeni chimodzimodzi."

Fackson anayang'ana mkazi wake. Anayika bokosi pansi, anakonza tayi, n'kuyamba ndi mawu omwe aja otsika. Anati mlenje wakhala pampando. Kabati ili pompa kudzanja lamanja, ndipo ndi yaukali, sayenera kuidalira. Anapita kukaima pakhomo n'kunena kuti khomo lili apa pamene pakuchokera mawuwa. Anatuluka, mawu akumveka kuchokera pakhonde, kuchenjeza kuti pali sitepe yotsika. Anayenda mpaka pa mgolo wa madzi n'kuugogoda. Anakafika kumapeto kwa mpanda, kuseri kwa nthochi, n'kufuula kuchokera kumeneko kuti nyumba yaing'ono yodzithandizira ija ili kuno, ndipo waya woyanikira zovala umachoka pakhonde n'kudzathera pomwepa, munthu akaugwira sangasochere. Atatero anabwerera, anatenga nyuzipepala, anakhala pansi atafulatira zenera n'kuyamba kuiwerenga mwakhama kwambiri.

A Matiyasi anadzuka. Ireen anadzukanso, koma Fackson anamukoka chitenje osachotsa maso pa nyuzipepala. Ireen anakhalanso pansi n'kupanikiza manja ake pakati pa maondo kuti asamuthawe. Anaona atate ake akuilambalala kabati, akupeza chitseko, akuima pakhonde. Pa sitepe paja anapunthwa, anatukwana mawu amene Mkatolika wa kolona sayenera kuwadziwa, nadzuka okha. Dzanja linakwera m'mwamba, linasakasaka, linapeza waya. Anayenda akugunda ndi mutu malaya a sukulu oyanikidwa, mpaka anabisika kuseri kwa nthochi. Ireen sanadziwe kuti munthu angatope chonchi atangokhala pansi.

Pobwerera sanalowe m'nyumba. Anasamba m'manja pa mgolo, anapapasa khoma la khonde, n'kukhala pa sitepe yomwe inawapunthwitsa ija, nkhope italoza kudzuwa. Bondo la thalauzi linali litang'ambika pang'ono. Ireen anatuluka n'kukhala pansi pambali pawo.

Patapita nthawi mkuluyo anafunsa, ngati akufunsa za mtengo wa feteleza, kuti mwezi wamawa wa madokotalawo uli pati. Uli uko, kapena ukooo?

"Uli apo, Atate."

"Usandinamize ngati mmene ndinkakunamizira ine."

"Mwala ufika."

A Matiyasi anasisita bondo lawo lopweteka lija. Anapukusa mutu, anadandaula kuti nkhuku zawo kumudzi zitha ndi akabawi, kuti a Yosefina sadziwa kusamala mbewu ya mtedza, kuti m'tauni madzi amanunkha mankhwala. Atamaliza zonsezo anati, "Ukawauze a lole asandidikire."

Ireen anavomera mwaulemu, anadzuka, analowa kukhitchini n'kutseka chitseko. Analira nkhope ili m'chitenje kuti amuna awiriwo asamve, ndipo atatha anatuluka ndi singano ndi ulusi kudzafunsa atate ake ngati angasinthe thalauzi kuti asoke bondolo.